Matope a pa Chipewa cha Amalume

Edina anali mtsikana wosadziwa kudikira. Amayi ake, a Sellina, ankati ngakhale kubadwa komwe anabadwa masiku asanakwane, kufulumira basi. Ndiye tangoganizani mmene sabata imeneyi inamutalikira. Loweruka ankhoswe a Goodman, chibwenzi chake, ankabwera kudzafunsira mbeta, koma amalume ake, a Mwaliwa, omwe anamulera chimwalirire bambo ake, anali asananene kuti inde kapena ayi. Ndipo pa mbumba imeneyi a Mwaliwa akapukusa mutu, nkhani yathera pomwepo.

Chimene ananena n'chakuti alendowo abwere, mlendo samanidwa mpando. Kenako, akusenda chinangwa, osamuyang'ana n'komwe Edina, anaponya funso limodzi.

"Kodi munthu wamoyo angadyetse banja ndi zipewa za akufa?"

Funso limeneli linamukhala Edina pakhosi masiku anayi. Ntchito ya Goodman inalidi yachilendo, tisakane. Pakhonde la sitolo ina pa Migowi, iye ankakonza zipewa zakale zaubweya, zija za wilisoni zimene madala ankabwera nazo kuchokera ku Joni nthawi ya Theba. Ankazitola m'midzi, zina zitadyedwa ndi njenjete, zina nkhuku zitaikiramo mazira, n'kuzifewetsa ndi nthunzi ya ketulo, kuziveka pa chikombole cha mtengo, kuzipesa ndi burashi, kusokerera riboni watsopano. Zikachoka m'manja mwake, abusa, akwati ndi anyamata oimba a ku Blantyre ankachita kulimbirana. Edina anamukonda tsiku limene mnyamatayo anamuvulira chipewa pomupatsa moni, pa msika pamene anyamata ena amangoimbira atsikana likhweru.

Lolemba a Mwaliwa ndi akazi awo anapita ku maliro ku Jenala, atanena kuti abwerako Lachinayi. Edina akusesa m'nyumba mwawo, tsache linagunda sutikesi yachitsulo ya pansi pa bedi. Ankaidziwa sutikesi imeneyi. Kangapo konse anali atawasuzumira amalume ake ataitsegula, atanyamula chipewa chakale, chophwanyika mbali imodzi, chamatope ouma gwa, akungochiyang'ana nkhope ili yakugwa. Iye m'mutu mwake ankati akudandaula kuti chipewa chawo chabwino chinawonongeka. Nanga wokonza zipewa m'Phalombe monse ndani, ngati si wake yemwe? Amalume akaona chipewa chawo chitadzuka, funso lija akalimeza okha.

Pamene pamakhala kiyi ankapadziwa. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma uyu phula lake anachita kulikwerera kabaza.

*

Atafika pa Migowi, mtima unamupsa asanatsike n'komwe. Pa benchi ya Goodman panali Kate, mtsikana wogulitsa kaunjika tsidya lina la msewu. Anali atavala chipewa chimodzi cha Goodman mopendeketsa, akudziyang'anira pa foni, akuseka mano onse pamtunda. Kate ameneyu akatsegula belo n'kupezamo chipewa chaubweya, ankachisungira Goodman, ndipo kukapereka chipewa chimodzi kunkamutengera ola lathunthu. Pa Migowi aliyense ankadziwa kuti nkhani yake sinali ya zipewa.

Atsikana awiriwo anapatsana moni wa m'mano. Edina anamasula chitenje chimene anakulungiramo katundu wake, n'kumuikira Goodman pa tebulo.

Goodman sanachigwire msanga. Anachiyang'ana mbali iyi ndi iyo, kenako anachinyamula ndi manja awiri, n'kunena chapansipansi kuti ubweya wotere sapanganso masiku ano. Koma anali ndi lamulo lake limene ankauza aliyense: chipewa sichichapidwa mwini wake asanalankhule. Ankati banga lililonse lili ndi mbiri yake, lina ndi litsiro chabe, lina mwini wake amalifuna. Mdala wina wa ku Nambazo anatsala pang'ono kumumenya chifukwa chofuna kusoka bowo limene linabooledwa ndi mwala mu mgodi. Chichokere tsiku limenelo ankayamba wafunsa.

"Amalume akudziwa kuti chabwera kuno?"

Edina akanakhala yekha, mwina akanaulula. Koma Kate anali pomwepo, khutu lili tcheru, mlomo atausongola.

"Andituma ndi iwowo," anatero Edina mokweza mawu pang'ono. "Akuti aone ngati mkamwini wawo ntchito amaidziwa. Chichoke chonse, chikhale chatsopano pofika Lachinayi."

Nkhope ya Goodman inawala moti mpaka ine ndimamva chisoni ndikamakumbukira. Mnyamatayu anali atagona masabata awiri akuganiza kuti amalumewo sakumufuna, ndiye lero akumva kuti amutumizira chuma chawo. Anafunsabe kachiwiri ngati sananenepo kanthu za matopewo. Edina anati matope ndi matope, asiye mafunso ngati wapolisi. Kate anavula chipewa chija, n'kuchiponya pa benchi, n'kuwoloka msewu osatsanzika. Edina anabwerera kwawo akumva kukoma, akuti lero wina wamva m'bebe.

*

Lachiwiri foni ya Edina sinapume. Goodman analemba kuti matope ake ndi achilendo, ofiira, olowerera mpaka m'kati mwa ubweya, ndipo kuseri kwa riboni wapezako mchenga ndi timizu ta udzu. Anati chipewachi sichinangogwera m'thope, chikuoneka kuti chinakokoloka ndi madzi. Anapempha nambala ya amalume kuti awafunse yekha mwaulemu.

Edina anawerenga ali ku chitsime. Akanatha kuimitsa zonse pomwepo. Koma kuulula kuti ananama pamaso pa Kate kunamulemera kuposa ndowa imene inali pamutu pake. Anayankha kuti munthu saimbiridwa foni ya zipewa ali pa maliro, ndipo ngati ntchito yamukanika angonena, akachipereke kwa wina.

Mnyamata amene ali m'chikondi musamuuze kuti chinthu chamukanika. Goodman anakoleza mbaula, n'kutereka ketulo. Anapala matope pang'onopang'ono ndi kamtengo kuti asabudule ubweya, anapesa, anapukuta ndi thovu la sopo, anafewetsa pophwanyika paja ndi nthunzi mpaka panadzuka. Masiku awiri sanagwire chipewa cha munthu wina, nkhomaliro ankaiiwala. Lachitatu madzulo chipewa chinali chitaima pa chikombole, chotuwa bwino, chosalala, mphepete mwake mowongoka ngati chachokera m'sitolo dzulo.

Ndiye poti chimwemwe sichikhala m'thumba, anachita zimene ankachita ndi ntchito iliyonse yomukomera. Anaika zithunzi ziwiri pa sitetasi ya pa foni yake, china cha mmene chinabwerera, china cha mmene chakhalira. Pansi pake analemba kuti: Cha amalume athu a Mwaliwa, chadzuka.

Munthu woyamba kuona zithunzizo anali Kate.

*

Lachinayi m'mawa Edina anadzuka thupi lili lopepuka. Anasesa bwalo akuimba, kenako analephera kupirira, n'kupita kwa amayi ake omwe ankasankha nyemba pakhonde. Anawauza kuti atseke maso kaye, ali ndi chowaonetsa. Anawaikira foni pamaso.

A Sellina anayang'ana chithunzi choyamba. Anayang'ana chachiwiri. Lichero linapendekeka, nyemba zinamwazika pansi, nkhuku n'kuthamangira, koma iwo sanazipirikitse.

"Edina, wachita chiyani mwana iwe?"

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangomugwira dzanja n'kumukhazika pansi, n'kuyamba kumufotokozera zimene pabanjapo sizinkakambidwa. Edina ankadziwa kuti agogo ake aamuna anapita ndi napolo wa mu Malichi 1991, uja anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Zimene sankadziwa n'zakuti thupi lawo silinapezeke. M'mawa umenewo anatulutsa ana onse n'kuwakweza pachulu, iwo n'kubwerera kukathandiza mayi wina wa pafupi amene ankakuwa. Sanaonekenso. A Mwaliwa panthawiyo anali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anakumba masabata awiri, ndi khasu, khasu litathyoka ndi manja, kutsata mtsinje mpaka kudambo. Chimene anapeza ndi chipewa chokhacho, chitakodwa m'mizu ya mtengo umene unazuka.

"Ifetu tilibe manda okasesa," anatero a Sellina. "Matope amene aja ndi amene anawakwirira atate athu. Manda athu anali chipewa chimenecho."

Edina anafunsa chifukwa chimene sanamuuzire zaka zonsezi. Amayi ake anati nanga iye anafunsa liti? Anawonjeza kuti achimwene awo afika masana ano, ndipo iwo sakudziwa kuti akabisale kuti.

Mtsikana wina akanakhala pansi n'kulira, n'kudikira amalume ake kuti awagwadire. Koma uyu ndi Edina. Anatola jumbo, n'kuthamangira kumtsinje, kumene mvula ya dzulo inasiya thope lofiira. Anakatapa ndi manja mpaka jumbo inalemera, n'kuimitsa njinga yamoto yoyamba imene inadutsa.

*

Nthawi yomweyo a Mwaliwa anali atatsika kale pa Migowi kuchokera ku maliro kuja. Akazi awo anatsogola kunyumba, iwo anatsala kuti agule mankhwala a mbewu. Kate anawaona ali patali. Anasiya kasitomala atagwira siketi m'manja, n'kukawanjutira mwaulemu wonse, maondo mpaka pansi, n'kuwapepesa za maliro.

Za napolo Kate sankadziwa kanthu, tisamunamizire. Iye ankangofuna kuti mkuluyo aone kuti mnyamata amene mbeta sanafunsire akuwatchula kale amalume athu pa mafoni a anthu, ndiponso kuti mwana wawo wayamba kututa katundu wa m'nyumba kupititsa kwa chibwenzi. Anayamba ndi kuwayamikira kuti apeza mkamwini waluso, kenako anatulutsa foni ngati wangokumbukira.

A Mwaliwa anailandira foniyo, n'kuitalikitsa pang'ono poti magalasi anali m'thumba. Anayang'ana nthawi yaitali moti Kate anayamba kuchita mantha. Anaibweza. Anangofunsa kuti mnyamatayo amakhala pakhonde liti.

Kate analoza. Ataona mmene mkuluyo ankayendera, ngati munthu wodwala, anazindikira kuti moto umene wayatsa ndi waukulu kuposa umene ankafuna. Komabe sanawathamangire kuti awabweze.

*

Edina anafika pakhonde paja thukuta lili kamukamu, siketi ili ndi madontho ofiira. Goodman anaimirira akumwetulira, n'kuvundukula nsalu imene anaphimbira chipewa, akudikira kuyamikiridwa. M'malo mwake anamva nkhani yonse, yotuluka mothamanga, yosakanikirana ndi misozi. Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono. Anakhala pansi pa benchi.

"Unati akutuma," anatero.

Edina anati zimenezo akambirana bwino, pano nthawi palibe. Anaika jumbo pa tebulo n'kuimasula. Anamupempha kuti apake matopewo, aphwanyenso mbali ija, aumitse pa mbaula, chithunzi chakale chilipo pa foni, atha kutsanzira. Iye akachibwezera m'sutikesi amalume asanatsegule, ndipo Loweruka zonse ziyenda. Anati ngati pali munthu m'dziko muno amene angachite zimenezi ndi iyeyo.

Kunena zoona, Goodman akanatha. Anayang'ana jumbo ija, anayang'ana chipewa, ndipo kwa kanthawi manja ake anachita ngati akufuna. Ankamukonda mtsikanayu mpaka kupweteka. Koma anapukusa mutu.

"Ndawachotsera kale anthu bambo awo. Ndiwapatsenso bodza kuti azililira chaka ndi chaka? Ayi, Edina."

Edina anapsa mtima, poti mantha akasowa kolowera amasanduka ukali. Anamuuza kuti chilungamo chakecho akwatira nacho, kuti mwina akusangalala kuti Loweruka lalephereka, tsidya la msewu kuli kale womuyembekeza. Goodman anati asalowetsepo Kate, amene ananama si Kate. Mawu amenewa anamulasa Edina kwambiri. Anapisa manja onse awiri m'thope muja n'kulunjika pa chipewa kuti apake yekha. Goodman anachikwatula n'kuchikweza m'mwamba.

A Mwaliwa anawapeza ali choncho.

Palibe anawamva akufika. Goodman ndiye anayamba kuwaona. Anavula chipewa chake n'kugwada pa simenti, cha amalume chili m'dzanja lina. Edina anatembenuka, manja ali psuu ndi thope, pakamwa pali pululu.

Mkuluyo anatambasula dzanja. Goodman anapereka ndi manja awiri. A Mwaliwa anachitembenuza chipewacho, anasisita pamene panali pophwanyika, anasuzumira m'kati, kenako anachinunkhiza. Chinkanunkhira sopo.

"Mwakonza bwino," anatero. "Ntchito mumaidziwa, bambo. Mmene anatsikira nacho basi atate anga kuchokera ku Joni ndi mmenemu."

Awa ndi mawu amene Edina anawafunafuna sabata yonse. Atawamva analira mokweza, moti amayi ogulitsa nthochi pafupi anatembenuka.

A Mwaliwa anafunsa amene anatsegula sutikesi yawo. Goodman, maso ali pansi, anati ndi iye amene anachita kupempha kuti chibwere, mlandu ndi wake. Mkuluyo anamuyang'ana n'kumuuza kuti asadzivutitse, iye sadziwa n'komwe kumene khomo la nyumba yawo linaloza, ndipo pa tsiku limodzi bodza limodzi n'lokwana. Kenako maso awo anagwera pa jumbo ija, n'kupita pa manja a Edina. Sanafunse kuti matopewo ndi a chiyani. Anangoti, "Ndinakulera ine, mwana iwe," ndipo Edina analakalaka pansi patang'ambika.

Anatembenukiranso kwa Goodman.

"Amene munachotsawo ali kuti?"

Goodman anafotokoza kuti ankapalira pa nyuzipepala, ndipo Lachitatu posesa anakakhuthulira mu ngalande ya kutsogolo kwa sitolo. Analoza ndi dzanja. Mu ngalandemo munkayenda madzi a mvula ya dzulo, atanyamula makoko a nzimbe ndi timapepala ta maswiti.

A Mwaliwa anapita mpaka m'mphepete mwa ngalandeyo. Anaima pamenepo, bambo wa imvi zake, akuyang'ana madzi akudawo, anthu a pa msika akuwalambalala. Milomo yawo inkayenda, akunena kanthu m'Chilomwe kamene Edina sanakamve bwino. Atabwerera, maso anali ofiira.

"Ndiye kuti madzi awatenganso kachiwiri."

Goodman misozi inagwera pa chipewa chake chimene anachifumbata pachifuwa.

Edina anakwawa ndi maondo kufuna kugwira mwendo wa amalume ake, koma iwo anabwerera m'mbuyo pang'ono. Analankhula modekha, ndipo kudekha kumeneko ndi kumene kunali koopsa. Anauza Goodman kuti Loweruka asatume munthu aliyense, mipando siitulutsidwa. Anati iwo sangayankhe za mbeta, chifukwa chipewacho si chawo, amangosunga. Mwini wake alipo, ndi amayi awo, agogo ake a Edina, amene anakana kusamuka m'tsinde mwa phiri kufupi ndi Fort Lister, ndipo maso anasiya kuona zaka khumi zapitazo. Ulendo uja a Mwaliwa amayenda okha chaka chilichonse mu Malichi ndi kachikwama kakuda, umene Edina ankati ndi wokangoona nkhalamba, unali wa chipewa chimenechi.

"Amayi amachiona ndi zala. Amayamba pophwanyika paja, n'kutsata matope mpaka kumphepete, banga lililonse amalidziwa. Akamaliza amati, mwabwera bambo. Ndiye amadya bwino tsiku limenelo." Anapumira. "Tsiku lake ndi Lachiwiri likubwerali. Chaka chino ine sindipita. Mupita inu awiri, mukachiike m'manja mwawo. Akakufunsani kuti amuna awo ali kuti, mukawayankhe nokha. Zimene akanene iwo ndi zimene ndidzauze ankhoswe anu."

Anaika chipewacho pa tebulo, pambali pa jumbo ya matope, n'kutsika pakhonde. Mankhwala a mbewu aja anawaiwala pomwepo.

Edina anatsala chogwada mpaka amalume ake anazimiririka m'chigulu cha anthu. Tsidya la msewu Kate ankapinda ndi kupindanso malaya amodzi omwewo, maso ali kuno. Edina anadzuka pang'onopang'ono n'kuyandikira Goodman, amene anali atayamba kukulunga chipewa chija mu nsalu yoyera.

"Tipita limodzi, eti Goodman?"

"Kwa agogo ndipita," anayankha osadzutsa mutu. "Ndinachapa ndine, ndikayankha. Koma za Loweruka lina lililonse, undipatse nthawi ndiganize. Ndinakufunsa kawiri, Edina."

Edina anatambasula dzanja kuti amugwire mkono. Goodman anasuntha pang'ono, n'kumuuza kuti ayambe wasamba m'manja.